Kuwerenga pa tchuthi ku laibulale ya anthu onse: zimene zili bwino ndi pamene pamavuta

Mwana akalembetsa pulogalamu yowerenga ya pa tchuthi ku laibulale ya anthu onse, chinthu choyamba chimene amamupatsa ndi kakhadi kopinda pakati. Kunja kwake kuli chithunzi cha mutu wa chaka chimenecho, mkati muli timabokosi. Malaibulale ena amaika timabokosi 6, kalikonse kakuimira buku limodzi. Ena amaika 30 kapena 40, kalikonse kakuimira tsiku limene mwana wawerenga kwa mphindi 15 kapena 20. Akabweza buku, wa pa desiki amadinda chidindo m'kabokosi kamodzi kapena kumatapo kachithunzi, ndipo timabokosi tonse tikadzaza mwana amalandira satifiketi, nthawi zina ndi mendulo kapena kamphatso. Kakhadi kameneka ndi kamene ana amathamangira, ndipo ndi kamene kamaoneka pa zithunzi zoitanira anthu. Koma pa zonse zimene pulogalamuyi ili nazo, ndi komwekanso kamene kamagwira ntchito yochepa kwambiri.

Tineneretu maganizo athu. Ntchitoyi ndi yabwino, ndipo kholo lililonse limene lili ndi laibulale pafupi liyenera kuigwiritsa ntchito, makamaka popeza kulembetsa n'kwaulere. Koma phindu lake silibwera lokha. Limadalira zinthu ziwiri zimene sizilembedwa pa kakhadi paja: buku limene mwana wanyamula likhale loti angathe kuwerenga ndiponso lomukomera, komanso pakhale munthu wamkulu womufunsa zimene wawerengazo. Laibulale imene imasamala ziwirizi ndi yoti muiyamikire. Imene imangowerengetsa ana olembetsa ikungodzaza lipoti la kumapeto kwa chaka.

Ganizo lokonza zowerenga za pa tchuthi ndi lakale. Malaibulale a ku United States anayamba kukonza zowerenga za pa tchuthi m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1987 malaibulale a ku Minnesota anayamba kukonzera limodzi mutu ndi zipangizo zake, mgwirizano umene lero umatchedwa Collaborative Summer Library Program. Ku United Kingdom bungwe la The Reading Agency limayendetsa Summer Reading Challenge, imene inayamba mu 1999, ndipo ana a zaka 4 mpaka 11 amalimbikitsidwa kuwerenga mabuku 6. Kumeneko tchuthi chachitali chimagwa m'nyengo yotentha, pakati pa Juni ndi kumayambiriro kwa Seputembala, n'chifukwa chake dzina la nyengoyo, Summer, linakakamira ku pulogalamuyi. Koma nkhani yeniyeni ndi masabata ambiri amene mwana amakhala osagwira buku, kaya kunja kukutentha kaya kukuzizira.

Umboni wake ulipo, ngakhale suli wosalala monga mmene otsatsa amaunenera. Mu 1978 Barbara Heyns anafalitsa kafukufuku wa ana a giredi 6 ndi 7 a mumzinda wa Atlanta. Anapeza kuti ana owerenga pa tchuthi amabwerera kusukulu akudziwa mawu ambiri kuposa anzawo, ndipo kugwiritsa ntchito laibulale kunkasonyeza bwino mwana amene apite patsogolo kusiyana ndi kulowa makalasi apadera a pa tchuthi. Mu 1996 Harris Cooper ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti mwana amataya zofanana ndi pafupifupi mwezi umodzi wa maphunziro, kwambiri pa masamu, ndipo pa kuwerenga amene amabwerera m'mbuyo ndi ana a m'mabanja osauka. Manambalawa musawameze osatafuna. Mu 2019 Paul von Hippel anasonyeza kuti kukula kwa vutoli kumasintha malinga ndi mayeso amene agwiritsidwa ntchito, ndipo pa mayeso ena atsopano kusiyana kwa ana olemera ndi osauka sikukula pa tchuthi monga mmene anthu ankanenera.

Zofunika kwambiri kwa kholo ndi zoyesa ziwiri izi. Ku Florida, Richard Allington ndi Anne McGill-Franzen analola ana a m'masukulu a madera osauka kusankha okha mabuku 12 chaka chilichonse kwa zaka 3 n'kupita nawo kwawo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2010 zinasonyeza kuti anawo anakhoza bwino mayeso a kuwerenga kuposa anzawo amene sanalandire. Mawu ofunika apa ndi oti anasankha okha. Mu 2008 James Kim ndi Thomas White anayesa ana a giredi 3 mpaka 5. Amene anangolandira mabuku basi sanasiyane kwenikweni ndi amene sanalandire kanthu. Amene anapita patsogolo ndi aja amene aphunzitsi anawaonetsa njira zomvetsera nkhani tchuthi chisanayambe, ndipo kunyumba ankawerengera munthu wamkulu mokweza. Buku kungokhala patebulo sililowa m'mutu mwa mwana.

Tsopano za kalembetsedwe. Mwana amafunika khadi la laibulale, ndipo malo ambiri amafuna kuti kholo kapena womulera abwere ndi chitupa chake, chikalata chosonyeza kumene amakhala, n'kusaina fomu yovomera kuti buku likatayika adzayankha ndi iyeyo. Ntchito yake ndi ya mphindi 10, koma pa tsiku lotsegulira mzere umafika kunja. Pitani sabata imodzi sukulu isanatseke, mukatenge khadi pomwepo. Funsaninso zinthu zitatu: mabuku angati amaloledwa pa ulendo umodzi, amakhala nawo masiku angati, ndiponso ngati n'zotheka kuwonjezera masiku pa foni kapena pa intaneti. Malo ambiri amabwereketsa kwa masabata 2 kapena 3, ndipo amalola kuwonjezera pokhapokha ngati palibe wina amene wasungitsa bukulo.

Pa kusungitsa mabuku m'pamene makolo ambiri amapusitsika. Tinene kuti buku limene ana onse akulifuna laibulale ili nalo makope 2, onse ali kunja, ndipo mwana wanu ndi wa nambala 10 pamzere. Ngati aliyense asunga masabata 3, mwana wanu adzaligwira pakatha masabata 15, tchuthi chitatha kalekale. Makompyuta a laibulale amakulolani kusungitsa popanda kukuchenjezani za masamu amenewa. Sungitsani ndithu, koma musatuluke chimanjamanja. Uzani wa pa desiki buku limene mwanayo analikonda posachedwa, ndipo mupemphe lina lofanana nalo limene lili pashelefu lero. Wodziwa ntchito yake amadzuka pampando, kupita nanu ku shelefu, kusolola mabuku atatu kapena anayi n'kunena mawu awiri atatu za lililonse. Amene amangoloza ndi chala kuti za ana zili uko, wakuuzani kale mmene laibulaleyo ikuyendera.

Buku la msinkhu wa mwana mumaliyesa ndi dzanja limodzi. Tsegulani tsamba la pakati, osati loyamba, chifukwa loyamba nthawi zambiri limakhala lofewa. Mwana awerenge mokweza, ndipo pa liwu lililonse limene lamukanika apinde chala chimodzi. Akafika pansi asanapinde chala kapena atapinda chimodzi, bukulo n'losavuta, n'labwino pofuna kuthamanga ndi kudzidalira. Zala 2 kapena 3, ndiye pabwino. Zala zonse 5 zikapindika tsamba lisanathe, limenelo ndi loti inu mumuwerengere, osati kumusiyira yekha. Njirayi si yangwiro, chifukwa mwana akhoza kutchula mawu onse bwinobwino osamva kanthu, choncho akamaliza tsambalo mufunseni kuti akuuzeni zimene zachitika. Ndipo musamulande buku lovuta ngati akulifunadi. Mwana wokonda njoka adzalimbana ndi mawu aatali kuti adziwe imene ili ndi ululu woopsa.

Apa tionjezepo kanthu kamene malaibulale ambiri salabadira: mwana amene amati sakonda kuwerenga nthawi zambiri amatanthauza kuti sakonda nkhani zopeka. Mupititseni ku mashelefu a manambala. M'ndondomeko ya Dewey yosanjira mabuku ndi manambala, imene Melvil Dewey anaitulutsa mu 1876 ndipo malaibulale ambiri akuigwiritsabe ntchito, sayansi ili pa 500, nyama pa 590, zamakina ndi zaumisiri pa 600, masewera pa 796, mbiri ndi malo pa 900, nthano pa 398.2. Mwana akangodziwa nambala yake imodzi, safunanso womutsogolera. Mabuku a zithunzi zotsatizana komanso omvetsera nawonso ayenera kuwerengedwa pa kakhadi. Ngati malamulo a pulogalamuyo akukana zimenezi, ndi malamulowo amene ali olakwika.

Kawerengetsedwe nako kali ndi vuto lake. Kuwerengetsa mabuku kumapweteketsa mwana amene wasankha buku lalikulu. Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32, ndipo mwana wochenjera akhoza kumaliza 6 masana amodzi n'kukatenga mendulo, pamene mnzake ali pa tsamba 120 la buku la masamba 300 ndipo kakhadi kake kadakali koyera. Ana sachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo sabata yachiwiri mudzaona a zaka 10 akufunafuna timabuku ta ana a zaka 5. Kuwerengetsa mphindi kapena masiku n'kwachilungamo. Mphindi 20 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 6, ndi mphindi 600, kutanthauza maola 10. Zikuoneka zochepa, koma kwa mwana amene akanatha tchuthi chonse osatsegula buku, maola 10 si masewera. Kuipa kwa njirayi n'koti palibe amene angatsimikize mphindizo, ndipo makolo ena amadzaza timabokosi tonse usiku woti mawa ndi tsiku lomaliza. Mapulogalamu a pa foni monga Beanstack amachotsa vuto la kakhadi kotayika kapena konyowa, koma foniyo imakhala m'thumba la kholo, ndiye mwana saonanso mmene akuyendera. Kwa ana osakwana zaka 9, kapepala kopachika pakhoma kamaposa foni.

Nanga mphoto? Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anayesa ana aang'ono okonda kujambula. Amene analonjezedwa mphoto kuti ajambule, pambuyo pake ankajambula mochepa akasiyidwa okha kusiyana ndi amene sanalonjezedwe kanthu. Zimenezi sizitanthauza kuti mphoto zonse n'zoipa. Mu 2008 Barbara Marinak ndi Linda Gambrell anapeza kuti ana a giredi 3 amene anapatsidwa buku ngati mphoto, komanso amene sanapatsidwe chilichonse, anapitiriza kuwerenga kuposa amene anapatsidwa tizidole. Choncho laibulale imene mphoto yake ndi buku loti mwana asankhe yekha n'kukhala lake ikuchita bwino. Imene imachititsa mpikisano wa mphoto imodzi yaikulu imasangalatsa mwana mmodzi n'kugwetsa ulesi ena 200, ndipo amene amapambana nthawi zambiri ndi yemwe akanawerenga ngakhale popanda mphotoyo.

Gawo limene timalikonda kwambiri ndi nthawi ya nthano ya ana aang'ono, ndipo m'pamene luso la ogwira ntchito limaonekera poyera. Yoyenda bwino imatenga mphindi 25 mpaka 30, mabuku 2 kapena 3, ndi kanyimbo kapena kasewero ka manja pakati pake kuti miyendo iwongoke. Wowerenga amakhala pampando waufupi, buku ataligwira pambali pa phewa, masamba akuyang'ana ana, iye akuwerenga chammbali. Amaliyendetsa pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja kuti wa kumapeto aone chithunzi. Asanatsegule tsamba amaima kaye, chala chili pakona, n'kufunsa kuti, "Kodi mukuganiza kuti kuseri kwa chitsekochi kuli chiyani?" Mwana akati "galu", iye amati, "Eya, galu wamkulu wakuda, ndipo wanyowa. Wanyowa chifukwa chiyani?" Kufunsa, kumvetsera, kuwonjezera mawu, kenako kulola mwana abwereze: njira imeneyi Grover Whitehurst ndi anzake anaiyesa mu 1988 n'kupeza kuti imakulitsa chilankhulo cha ana aang'ono. Kholo likakhala pansi pomwepo n'kuonetsetsa, limapita nayo kunyumba kwaulere. M'mera m'poyamba.

Zimasokonekera pamene ana a zaka 2 asakanizidwa ndi a zaka 8, kapena akapitirira 20 kwa wowerenga mmodzi. Aang'ono amayamba kukwawira kutsogolo, akuluwo amayankha mafunso onse, ndipo pofika buku lachiwiri palibe akumva. Zimasokonekeranso makolo akaona ngati apeza powasiyira ana. Malaibulale ambiri ali ndi lamulo la msinkhu umene mwana sangatsale yekha, ndipo ogwira ntchito si olera ana. Funsani lamulolo musanakonze zoti mukagule zinthu kaye.

Sabata yoyamba chipinda chimadzaza, pofika yachitatu mipando yayamba kuoneka. Chifukwa chake n'chodziwika: zosangalatsa zonse zimaunjikidwa pa tsiku lotsegulira ndi lotsekera, pakati pali pululu. Laibulale yoganiza bwino imagawa timphoto katatu, imaika chochitika chimodzi sabata iliyonse pa tsiku ndi ola lomwelo, ndipo imakumbutsa makolo pa foni. Mukafuna kudziwa ngati pulogalamu ikugwira ntchito, musafunse kuti alembetsa angati. Funsani kuti chaka chatha anamaliza angati.

Achinyamata a zaka 13 kupita m'tsogolo ndi amene amaiwalika. Kuwapatsa kakhadi komata zithunzi n'kuwanyoza. Chimene chimawagwira ndi udindo: kukhala pa tebulo lolembetsera, kumvetsera ana aang'ono akufotokoza mabuku awo, kubwezera mabuku m'mashelefu, kenako kulandira kalata yosonyeza maola amene anagwira. Pamafunika wamkulu wowayang'anira ndi maphunziro a ola limodzi kapena awiri a mmene angafunsire mwana popanda kumuopseza ngati ali pa mayeso.

Cholakwika chachikulu cha ntchito yonseyi n'choti ana amene akuifuna kwambiri ndi amene safika. Ola la 10 m'mawa pakati pa sabata n'labwino kwa kholo limene lili panyumba, osati limene lili kuntchito. Chikalata chosonyeza kumene munthu amakhala chimatsekereza banja limene likusamukasamuka. Ndipo pali chindapusa. Banja likakhala ndi ngongole ya mabuku ochedwa, khadi limatsekedwa, manyazi amabwera, ndipo silipondakonso. Mu Januwale 2019 bungwe la American Library Association linanena poyera kuti zindapusa zotere zimatsekereza anthu osauka. Malaibulale a mumzinda wa Chicago anazithetsa chaka chomwecho, a ku New York mu 2021. Dziwani kuti ngakhale kumene anathetsa chindapusa cha kuchedwa, buku lotayika limalipiridwabe. Ngati khadi la mwana wanu linatsekedwa, funsani, chifukwa malo ena amakhululuka ngongole ya ana pa tchuthi kapena amalola mwana kuichepetsa powerenga. Laibulale imene imanyamula mabokosi a mabuku kupita nawo kumene ana amasonkhana, kapena ili ndi galimoto yoyenda ndi mabuku, tiipatse ulemu wake. Imeneyo yamvetsa chimene chikalata cha UNESCO chokhudza malaibulale a anthu onse chimanena, chija chinatuluka koyamba mu 1949 n'kukonzedwanso mu 1972, 1994 ndi 2022: khomo likhale lotseguka kwa aliyense, ndipo mwa lamulo lake ntchitoyi ikhale yaulere.

Za akuluakulu tingodutsamo mwachangu, ngakhale kuti kwa anthu ambiri ndiye chifukwa chenicheni cholowera. Makompyuta amaperekedwa kwa mphindi 30 kapena 60, ndipo nthawi ikatha amadzitseka okha n'kufufuta zonse zimene munasunga. Ambiri ataya makalata ofunsira ntchito atatsala ndi ndime imodzi. Lembani kaye papepala kunyumba, ndipo pa mphindi 10 zilizonse sungani pa fulashi kapena dzitumizireni pa imelo. Mukamaliza tulukani mu akaunti iliyonse, osangotseka tsamba. Kusindikiza kumalipiridwa pa tsamba, choncho yang'anani kaye kuti masamba ndi angati musanadine, chifukwa fomu ya masamba 2 ikhoza kutuluka ndi masamba 14 a malangizo. Ogwira ntchito angakuonetseni pamene pali fomu ndi mmene mungaitumizire, koma sangakuuzeni choti muyankhe pa nkhani za malamulo, msonkho kapena matenda, ndipo akakana si mwano.

Makalasi a akuluakulu ophunzira kuwerenga amayenda bwino akakhala a munthu mmodzi kapena timagulu ta anthu 3 mpaka 5, m'chipinda chotseka, chifukwa munthu wa zaka 50 safuna kutchula zilembo pamaso pa ana a sukulu. Kwa ovutika kuona kuli mabuku a zilembo zazikulu, omvetsera, ndi a Braille, ndipo pangano la ku Marrakesh la 2013 linafewetsa malamulo kuti mabuku otere azipangidwa ndi kutumizidwa m'mayiko ena mosavuta. Kawirikawiri sakhala poonekera, muyenera kuchita kufunsa. Mabuku a pa foni obwereka kudzera pa pulogalamu ya Libby amadabwitsa anthu chifukwa nawonso amakhala ndi mzere: kawirikawiri laibulale imagula chilolezo cha wowerenga mmodzi pa nthawi imodzi. Ubwino wake ndi woti amadzibweza okha tsiku likakwana. Malaibulale ena akuluakulu afika polemba ntchito mlangizi wa zachisamaliro cha anthu kuti azithandiza osowa pokhala ndi ena ovutika, monga inachitira ya ku San Francisco mu 2009, koma laibulale yaing'ono musaiyembekezere zimenezo. Ikakhala ndi pepala lolondola la maofesi othandiza ndi maola awo, yachita mbali yake.

Sabata yomaliza, sonkhanitsani mabuku masiku 3 tsiku lobweza lisanafike, chifukwa limodzi limapezeka pansi pa bedi nthawi zonse. Pemphani kuti akusindikizireni mndandanda wa zimene zili pa khadi, muyerekeze ndi zimene zili m'manja. Tsamba likang'ambika musalimate ndi selotepi wamba, amene amasanduka wachikasu n'kuwononga pepala. Ikani kachidutswako mkati mwa buku n'kuwauza, ali ndi tepi yakeyake. Buku likanyowa musaliyanike padzuwa kapena pafupi ndi moto, masamba amapindika. Lowetsani mapepala oyera ouma pakati pa masamba angapo alionse, musinthe akanyowa, muliimike lotsegula pamalo opita mphepo, ndipo likatsala pang'ono kuuma mulitsindike ndi chinthu cholemera. Likayamba nkhungu musaliponye m'bokosi lobwezera, chifukwa lipatsira ena. Liperekeni pamanja.

Kakhadi kaja musakataye mukalandira satifiketi. Lembani kuseri kwake mayina a mabuku 2 amene mwana anawakonda ndi limodzi limene analisiyira panjira, mukapatse mphunzitsi wake sabata yoyamba ya teremu, ndipo mufunse pa desiki tsiku limene khadi la laibulale lidzathe ntchito, chifukwa malaibulale ambiri amafuna kuti likonzedwenso pakatha chaka chimodzi kapena zingapo.